Zidutswa za matayala pansi pa katungwe wa ana: zikhale zakuya bwanji ku Lusaka kuno?

Mayi wa ku Chalala

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumaidziwa bwino ntchito imeneyi. Kuseri kwa nyumba kuli malo a mamita 7 m'lifupi ndi mamita 9 m'litali, ndipo ndikufuna kuikapo jungle gym ya matabwa, chimango chokwerapo ana posewera. Nsanja yake ili pa mita 1.5 kuchoka pansi, ili ndi slide, ndipo mtanda wa katungwe uli pa mamita 2.2. Chimango chonse n'chotalika mamita 4. Ana ndi atatu: wa zaka 7, wa zaka 5 ndi wa zaka 2.

Wogulitsa wina akuti ndigule zidutswa za matayala akale, thumba limodzi la makilogalamu 20 pa sikweya mita iliyonse, kuya kwake masentimita 5, ndipo pansi ndingoyala pulasitiki yakuda kuti udzu usamere. Kodi zimenezi n'zokwanira kuti mwana akagwa asavulale mutu? Pano ndi pamiyala, khasu silipita patali. Dimba la ndiwo zamasamba ndi borehole zili chapafupi, mwina mamita 10 kuchokera pamalopo. Ndithandizeni ndisanaononge ndalama.

Mmisiri wa zosewerera ana, Kalingalinga

Amayi, masentimita 5 musavomere. Kuya kumeneko n'kwa m'mabedi a maluwa, kophimbira nthaka kuti isaume msanga. Mwana akagwa kuchokera pa nsanja ya mita 1.5, zidutswazo zimangothawira m'mbali, mutu n'kufika pa nthaka yolimba. Choipa kwambiri n'chakuti malowo amaoneka ofewa, ndiye makolo amawalekerera ana kukwera mpaka pamwamba penipeni poganiza kuti pansi pali chitetezo.

Malangizo a CPSC, bungwe la ku America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa kwa anthu, amati zidutswa za matayala zikhale zakuya mainchesi 6, amene ndi masentimita 15, ndipo kuya kumeneko kumakwanira mwana akagwa kuchokera pa msinkhu wofika mamita 3. Iwo msinkhu wa katungwe amauwerengera pa mtanda pamene tcheni chakolekedwa, kwa inu ndi mamita 2.2, ndiye masentimita 15 akukwanirani ndi mpata wotsala. Musachepetse. Dziwaninso kuti miyezo imeneyi inakonzedwa poganizira mutu, kuti mwana asavulale ubongo. Mkono ukhoza kuthyoka ndithu ngakhale pansi pali pofewa.

Ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyezo wa EN 1177 woyezera kufewa kwa pansi pa malo osewerera, umene ku South Africa anautenga n'kuutcha SANS 51177. Poyesa amagwetsa chitsulo chooneka ngati mutu, chokhala ndi makina oyeza kugunda, ndipo nambala yotchedwa HIC, yosonyeza kukula kwa ngozi ya kuvulala mutu, isapitirire 1000. Wogulitsa wodalirika amakhala ndi pepala losonyeza kuti katundu wake pa kuya kwakuti anapambana pa msinkhu wakuti. Mufunseni pepala limenelo. Akayamba kuzungulirazungulira, tsatirani masentimita 15.

Tsopano masamu. Malo anu ndi masikweya mita 63. Kuchulukitsa ndi 0.15 tikupeza makiyubiki mita pafupifupi 9.5. Zidutswazi kawirikawiri zimalemera makilogalamu 400 mpaka 500 pa kiyubiki mita, choncho mukufunika matani pafupifupi 4 kapena kuposerapo pang'ono. M'matumba a makilogalamu 20, amenewo ndi matumba osachepera 189, osati 63 amene akukuuzaniwo. Kuti mudziwe kulemera kwenikweni kwa katundu amene mukugula, dzazani ndowa ya malita 20 osatsindira, muyeze pa sikelo, muchotse kulemera kwa ndowa, kenako muchulukitse ndi 50. Zikalemera makilogalamu 9, ndiye kuti kiyubiki mita imodzi ndi makilogalamu 450. Mtengo muufunse pa tani, ndipo ngati katunduyo akuchokera ku Johannesburg, mufunse ngati mayendedwe ndi msonkho wa pa Chirundu kapena Kazungula zili momwemo.

Za kukula kwa malo: kutsogolo ndi kumbuyo kwa katungwe kukhale kofewa mtunda wowirikiza kawiri msinkhu wa mtanda, mamita 4.4 mbali iliyonse, pamodzi 8.8. Choncho katungwe azipita motsata mamita 9 aja, ndipo chimango chikhale pakati penipeni. M'mbali, muyezo wa ku Ulaya umafuna mita 1.5 kuzungulira chinthu cha msinkhu wa mita 1.5. Mamita 4 a chimango kuphatikiza 1.5 uku ndi 1.5 uko akukwana 7 ndendende, palibe chotsala, ndiye khoma, mpopi kapena mtengo zisalowe m'kati mwa mzere umenewo. Slide isatsikire m'njira ya katungwe.

Wokonza mabwalo ndi ngalande, Makeni

Abambo a ku Kalingalinga afotokoza bwino za kuya. Ine ndinenepo za pansi pake, poti n'kumene ntchito zambiri zimaonongekera mvula ikayamba mu Novembala.

Pulasitiki yakuda ayi. Siilola madzi kudutsa. Mvula ya mu Januwale ikagwa ola limodzi, malowo amasanduka dziwe, madzi othamanga n'kukokolola zidutswa zing'onozing'ono kupita nazo pa kapinga ndi m'ngalande. Madzi otsala pansi amanunkha ndi kuswa udzudzu, ndipo pulasitiki yonyowa imaterera, zidutswa n'kumasesereka pamwamba pake mwana akapondapo. Chofunika ndi nsalu ya geotextile, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Bidim. Imadutsitsa madzi koma imatsekereza dothi.

Poti ku Chalala mwala uli pafupi, musalimbane ndi kukumba dzenje la masentimita 30. Dzenje la pamwala lilibe kotulutsira madzi. Kwezani malowo m'mwamba. Chotsani kapinga ndi mizu yake yonse pamodzi ndi dothi la pamwamba, masentimita 5 mpaka 10. Nsonga za miyala zimene zatulukira muziphwanye ndi hamala yaikulu mpaka zifanane ndi nthaka. Salazani pansipo mopendekeka pang'ono, masentimita 1 mpaka 2 pa mita iliyonse, kulozetsa kumene mukufuna madzi azipita, kenako mutsindire bwinobwino. Pa mamita 9, mbali yotsika ikhale yotsika ndi masentimita 10 mpaka 15.

Mukatero yalani nsalu yoyamba. Pamwamba pake thirani miyala yophwanya ya mamilimita 20, yotsuka, yopanda fumbi, kuya masentimita 10. Pa malo anu amenewo ndi makiyubiki mita 6.3, pafupifupi matani 10. Quarry dust musaike m'malo mwa miyala, imagwirana n'kutseka njira ya madzi. M'mphepete mwa mbali yotsika ikani paipi yobowolabowola m'kati mwa miyalayo, itulutsire madzi kunja. Kenako nsalu yachiwiri pamwamba pa miyala. Iyi ndi imene anthu amaidumpha pofuna kusunga ndalama, ndipo pakapita miyezi ingapo miyala imakwera n'kusakanikirana ndi zidutswa, mwana n'kumagwera pa mwala wobisika. Polumikiza nsalu, ina ikwere pa inzake masentimita 30, muikhomere ndi mawaya opinda ngati chilembo cha U, mitu yake ilowe pansi ndithu. M'mphepete nsaluyo ikwere n'kukhomeredwa ku thabwa.

Mpanda wozungulira utalike masentimita 30 kuchokera pa nthaka yotsindirayo: 10 a miyala, 15 a zidutswa, ndi 5 otsala pamwamba kuti zidutswa zisamatayikire kunja. Matabwa okhuthala kapena mapolo a bulugama ogoneka amagwira bwino ntchito. Musatenge mapolo opaka creosote, akuda onunkha aja a magetsi ndi mipanda, chifukwa amayabwa ndi kuotcha khungu padzuwa. Mukasankha mabuloko, siyani timipata m'mzere wa pansi kuti madzi azituluka, mupulasitale m'mphepete mozungulira bwino popanda ngodya yakuthwa. Mpandawo ukhale kunja kwa malo ogwerapo, osati m'kati.

Konkire ya miyendo ya jungle gym isafike pamwamba. Muyezo wa ku Ulaya wa zosewerera ana, EN 1176, umati ikhale masentimita 40 pansi pa malo opondapo, kapena masentimita 20 ngati mutu wake waumbidwa mozungulira motsetsereka. Zikani miyendo kaye, konkire iume, ndiye muyambe kuyala. Ndipo kumbukirani kuti mukakweza pansi ndi masentimita 25, mipando ya katungwe ndi kumapeto kwa slide ziyenera kuyezedwa kuchokera pamwamba pa zidutswa.

Madzi a padenga asagwere pamenepo. Ngati gatala ikuthira chapafupi, ikhotetseni.

Wa zaumoyo wa m'madera, Chelstone

Amayi, mfundo imene ikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wa zaka 2. Ana a msinkhu umenewo chilichonse amaika m'kamwa, m'mphuno ndi m'khutu. Malangizo a CPSC omwewo amanena kuti zinthu zomwazika, kaya zidutswa za matayala, mchenga kapena timiyala, zipewedwe pa malo osewerera ana ang'ono otere. Kachidutswa ka sentimita imodzi kakhoza kumutsamwitsa. Ngati mwatsimikiza kuika zidutswazi, wamng'onoyo asalowemo popanda munthu wamkulu pambali pake, ndipo pa nsanja ya mita 1.5 asakwere n'komwe. Mukonzereni malo ake pa kapinga, ndi zosewerera zosapitirira masentimita 60.

Chachiwiri ndi waya. Matayala a galimoto ali ndi malamba a waya wachitsulo m'kati, ndipo makina abwino amachotsa wayayo ndi maginito akamaliza kudula. Katundu wodulidwa mwachisawawa amakhala ndi timawaya tothyoka totulukira m'mbali mwa zidutswa, topyapyala ngati singano, ndipo tikanyowa timachita dzimbiri. Musanalipire, tsegulani matumba atatu kapena anayi ochokera m'malo osiyana pa mulu, mukhuthulire pa simenti, muyendetse maginito yaikulu ya sipika yakale pamwamba pake. Zidutswa zikamamatira ku maginito, katunduyo si wa ana, musiyeni. Tenganinso nsalu yoyera yonyowa mufikisemo zidutswa zodzaza dzanja. Ikada kwambiri kapena ikatenga utoto, zovala ndi mapazi a ana zizidzaoneka chimodzimodzi tsiku lililonse. Sankhani zidutswa za sentimita 1 mpaka 3. Ufa wa matayala wa mamilimita ochepa, umene amathira m'mabwalo a mpira a udzu wopanga, si wa ntchito imeneyi, umamatira pakhungu n'kulowa nawo m'nyumba.

Chachitatu ndi dzuwa. Mu Seputembala ndi Okutobala mphira yakuda yokhala padzuwa masana imatentha kupitirira madigiri 60, ngakhale mpweya uli pa madigiri 32. Khungu la mwana ndi lopyapyala, limapsa msanga, ndipo wamng'ono sadziwa kuthawa, amangoima n'kumalira. Zidutswa zopaka utoto wowala zimatenthabe. Ikani shade net ya 80 peresenti pamwamba, mizati yake ili kunja kwa malo ogwerapo. Musanalole ana, khudzitsani kuseri kwa dzanja lanu pansipo masekondi 5, ndipo ngati simungapirire, ana asapondepo opanda nsapato. Fungo la matayala limakulanso kukatentha, makamaka katundu akadali watsopano.

Za dimba ndi borehole. Matayala amakhala ndi mankhwala a zinc oxide pafupifupi 1 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwake, ndipo zinc amatuluka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula. Akachuluka m'nthaka amafooketsa mbewu, masamba n'kuchita chikasu. Mulinso mankhwala otchedwa PAH, ena mwa iwo oyambitsa khansa, n'chifukwa chake kuyambira mu Ogasiti 2022 mayiko a European Union salola zidutswa za m'malo osewerera zokhala ndi mamiligalamu oposa 20 pa kilogalamu a mitundu 8 ya mankhwalawa. Ngati wogulitsa ali ndi pepala la zimenezi, ndi chizindikiro chabwino. Mu 2020 ofufuza a ku University of Washington anapezanso kuti mankhwala a 6PPD-quinone ochokera ku matayala ndi amene ankapha nsomba za coho m'mitsinje ya kumeneko, choncho amene ali ndi dziwe la nsomba asalole madzi amenewa kulowamo.

Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa dolomite ndi laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pamwamba amafika msanga ku madzi a pansi. Malo a masikweya mita 63 si oopsa ngati septic yomangidwa pafupi ndi borehole, koma palibe chifukwa choti paipi imene a ku Makeni anena iloze ku dimba kapena ku borehole. Ilozetseni mbali ina, kutali momwe pulotiyo ingalolere. Ana azisamba m'manja akachoka kosewera asanadye.

Moto musauiwale. Zidutswazi zikagwira moto zimayaka ndi utsi wakuda ndipo n'zovuta kuzimitsa. Mbaula, phulusa la makala ndi dzenje lootcherapo masamba zikhale kutali.

Womanga nyumba, Kabwata

Pepani akuluakulu, ine ndisiyana nanu pang'ono. Pa nyumba ya munthu, yokhala ndi dimba, borehole ndi mwana wamng'ono, ndingasankhe mchenga wa kumtsinje. Umapezeka mosavuta muno mu Lusaka, ulibe waya, suyaka, ndipo ukatayikira pa kapinga suononga kanthu. Zidutswa za matayala zikamwazika m'dothi simungazitolenso zonse, ndipo makina otchetchera udzu amaziponya.

EN 1176 imalola mchenga wa masentimita 20 pa msinkhu wofika mamita 2, kuonjezerapo masentimita 10 chifukwa umasuntha, pamodzi 30. Msinkhu wa katungwe a ku Ulaya amauwerengera mosiyana ndi a ku America: theka la kutalika kwa tcheni kuphatikiza msinkhu wa mpando. Tcheni cha mita 1.75 ndi mpando wa masentimita 45 zikupereka mita 1.3 yokha. Ndiye masentimita 30 akukwanira. Pa masikweya mita 63 amenewo ndi makiyubiki mita 19, matani pafupifupi 30, ndipo mpanda uyenera kukwera kufika masentimita 45.

Ndivomereze kuti a CPSC amaupatsa mchenga wa masentimita 23 mita 1.2 yokha, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mchenga wonyowa kapena wosakanikirana ndi dothi umalimba. Choncho mtundu wa mchenga ndiye nkhani yonse. Mchenga womangira, wofiira uja, ayi. Tengani wotsuka wa kumtsinje. Nyowetsani pang'ono mufumbate: ukaumbika n'kukhala chibulumwa, muli dothi. Kapena thirani m'botolo la madzi, mugwedeze, musiye usiku wonse. Matope akakhazikika mokhuthala pamwamba pa mchenga, musagule. Muyenera kuutipula ndi foloko kawirikawiri m'nyengo ya mvula, ndi kuuphimba usiku chifukwa amphaka amausandutsa chimbudzi, ndipo ndowe zawo zimabweretsa matenda. Makungwa ndi zipalapala za matabwa musaziganizire n'komwe, chiswe chidzayambira pamenepo n'kumalizira jungle gym.

Mayi wa ku Chalala

Zikomo kwambiri nonse. Matumba 189 ndi ambiri kuposa mmene ndinakonzekera. Kodi sindingaike zidutswa pansi pa katungwe ndi kumapeto kwa slide kokha, kwina n'kusiya kapinga? Nanga zija amazimata ndi guluu kuti zisamwazike, n'zotheka pa nyumba?

Mmisiri wa zosewerera ana, Kalingalinga

Amayi, pa muyezo wa EN 1176 kapinga amaloledwa pa msinkhu wofika mita imodzi basi, ndipo ayenera kukhala wamoyo, pa dothi lofewa. Pamene ana amaponda tsiku lililonse kapinga amafa, ndipo kuyambira Juni mpaka Okutobala nthaka yake imauma gwa. Nsanja yanu ili pa mita 1.5, ndipo mwana sagwera kumapeto kwa slide kokha. Ambiri amagwa pa makwerero ndi m'mbali mwa nsanja. Pamenepo ndi posayenera kusiya.

Njira yochepetsera ndalama ndi kuchepetsa malo, osati kuya. Mukatsitsa mtanda wa katungwe kufika mita 1.8, kutsogolo ndi kumbuyo kufunika mamita 3.6, pamodzi 7.2. Malo onse akhala masikweya mita pafupifupi 50, ndipo mwapulumutsa matumba 38 ndi matani 2 a miyala. Ana a zaka 5 ndi 7 katungwe wa mita 1.8 amawakwanira. Ngati ndalama sizikufikabe, tsatirani maganizo a abambo a ku Kabwata. Mchenga wabwino wa masentimita 30 umaposa zidutswa za masentimita 5 kutalitali.

Zomata zija amasakaniza zidutswa ndi guluu wa polyurethane. Ubwino wake n'ngwakuti palibe chomwazika, ndipo mwana wamng'ono alibe chotola. Koma si ntchito ya wilibala ndi fosholo. Pamafunika makina osakaniza okhala ndi mikono yotakasa, chifukwa makina wamba a konkire samatitsa guluu mofanana, ndipo pamene guluu wachepa pamayamba kugumuka pakangopita nthawi yochepa. Guluuyu amauma ndi chinyezi cha mumpweya, choncho zidutswa zikakhala zonyowa amachita thovu n'kufooka. Ntchitoyo ichitike m'chilimwe, pa katundu wouma. Zomatazi n'zolimba kuposa zomwazika, ndiye kukhuthala kwake kutsatire pepala la mayeso la wopanga. Palinso matailosi a mphira a masentimita 50 mbali zonse. A mita 1.5 kawirikawiri amakhuthala masentimita 4.5 mpaka 5, ndipo amafuna pansi posalala polimba. Opyapyala a m'nyumba zolimbitsira thupi sakwanira. Kutentha padzuwa n'chimodzimodzi, shade net ikufunikabe.

Mukasankha zomwazika, chisamaliro chake ndi ichi. Jambulani mzere ndi penti pa mwendo uliwonse wa jungle gym pa masentimita 15 kuchokera pa nsalu, kuti aliyense pakhomo aziona zidutswa zikatsika. Pansi pa katungwe ndi kumapeto kwa slide mapazi amakumba maenje m'masiku ochepa, ndipo pamenepo m'pamene mwana amagwera kawirikawiri. Ikanipo mphasa yokhuthala ya mphira yogona mofanana ndi zidutswa, ndipo sabata iliyonse muzibwezera zidutswa ndi leki ya pulasitiki. Yachitsulo imang'amba nsalu. Masamba a mango ndi maluwa a jacaranda muzichotsa asanaole, chifukwa akaola amasanduka dothi lodzaza mipata, udzu n'kumera, malowo n'kulimba. Gulani matumba ena 15 kapena 20 osungira pamthunzi oonjezera chaka chikatha, ndipo miyezi ingapo iliyonse muziyendetsanso maginito.

Mvula yaikulu yoyamba ikagwa, dikirani ola limodzi, kenako fukulani ndi manja pa ngodya yotsika mpaka mufike pa nsalu. Mukapeza madzi ataima pamwamba pa nsaluyo, yang'anani kukamwa kwa paipi ngati kwatsekeka, mutsegule mvula ina isanabwere.